Mimba Imene Anadzatula Pakhomo Panga

Nkhani ya mdzukulu wanga imakambidwa mokhota m'midzi ya kwa Maseya, ndipo amene amaikamba mokweza mawu ndi omwewo amene panalibe pamene zinkachitika. Amati mtsikana wina atatenga pathupi ndinamulandira msangamsanga chifukwa mimbayo inali yanga, kenaka ndinaikankhira kwa mwana wanga wamwamuna pofuna kubisa manyazi. Ena amawonjezera kuti anatipezerera m'dimba la chimanga kumtsinje. Dimba sindinakhalepo nalo chibadwire. Ndinali kalaliki wolemba mayina a odula nzimbe kufikira tsiku lopuma ntchito, ndipo Folomu 4 ndinaimaliza pa nthawi imene m'mudzi mwathu munalibe wina wotha kuwerenga kalata ya boma. Ndazolowera kulemba zinthu monga momwe zilili, choncho nayonso nkhaniyi ndiilemba motero.

Ine ndi mkazi wanga tinabereka ana anayi, atsikana atatu ndi mnyamata mmodzi, amene anali chitsirizira. Chaka chimene ndikunenachi mnyamatayo anali mu Folomu 4, ndipo ankagona m'gowelo lake kuseri kwa nyumba yaikulu. Ndinkamunyadira. Ndinali nditamuikira kale njira mumtima mwanga: mayeso, kosi ya zamagetsi, kenaka ntchito ya muofesi.

Mmawa wina wa mwezi wa Okutobala, dzuwa litayamba kale kuwotcha ngakhale nkhuku zinali zisanamwazike pabwalo, panafika amayi atatu ndi mtsikana atasenza kachikwama ka zovala. Anali a mabanja a Chisena amene anasamukira kwathu madzi atawagwetsera nyumba ku Makhanga, napatsidwa malo kumapeto kwa mudzi. Sanaodire nthawi yaitali. Anamukhazika mtsikanayo pakhonde, iwo n'kuimirira.

"Baba, tabwera kudzatula mimba," anatero wamkulu mwa iwo, amene anali azakhali a mtsikanayo. "Mwana wanu wamuchimwitsa mwana wathu. Miyezi yakwana inayi. Nayu, ndi wanu."

Mkazi wanga anatuluka ali ndi tsache m'manja.

"Wathu ndani? Ife ndife Amang'anja, mwana amakhala wa kuchikazi. Ngakhale zitakhala zoona, mimbayo ikaleredwe kwanu komweko."

"Nkhabe, mai," anakana m'Chisena azakhaliwo. "Kwathu mwana ndi wa kuchimuna. Bambo ake a mtsikanayu anena kuti pakhomo pawo salererapo magazi a eni."

Ndinaima pakhomo ndikumvetsera, ndipo chimene ndinaona ndi ichi: mwanayo anali asanabadwe, koma miyambo iwiri inali itamukana kale, uliwonse ukuloza unzake. Mtsikanayo anali atazolika, akufinya ngodya ya chitenje chake. Anali wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, wa Folomu 2.

Ndinaitana mwana wanga. Anabwera atavala kale yunifolomu.

"Ine sindikumudziwa, bambo. Ndimangomuona kusukulu. Ameneyu amayenda ndi anyamata a kabaza, afunseni anthu onse."

Pa ntchito yanga ndinaweruzapo mikangano yambiri ya anthu awiri olimbirana mzere umodzi wa nzimbe, ndipo ndinaphunzira kuti wofuula si amene amakhala wolondola. Ndinauza mwana wanga wamkazi kuti amupatse mtsikanayo madzi akumwa, kenaka ndinamufunsa mafunso atatu onse akumva. Ndinamufunsa chimene chili pakhoma la gowelo. Anati pali mapu a Afirika okhomedwa ndi minga, ndipo chiswe chinadya ngodya ya m'munsi. Ndinamufunsa za pansi pa bedi. Anati pali sutikesi yopanda chogwirira. Funso lachitatu ndinachita nalo manyazi, komabe ndinalifunsa: kodi pathupi pa mnyamatayu pali chizindikiro chimene anthu a kusukulu sangachione? Anayankha ndi mawu otsika kwambiri kuti pamwamba pa ntchafu ya kumanzere pali chipsera chachitali. Chipsera chimenecho ndinachimanga ndekha ndi nsalu, ng'ombe itamubaya ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi.

Ndinayang'ana mwana wanga. Iye anayang'ana nkhuku.

"Mtsikanayu akhala pano," ndinatero.

"Takhuta, baba," anathokoza m'Chisena azakhaliwo, ndipo atatu onsewo anachoka mofulumira ngati akuopa kuti ndisintha maganizo.

Apa ndiyenera kufotokoza chinthu chimene wochokera kutali sangachimvetse. Kwathu kuno mwamuna savomera mimba tsiku loyamba, ngakhalenso abale ake. Pali ndondomeko yake yodziwika: ukane, nkhani ipite kwa akuluakulu a mabanja, ukanenso, kenaka onse agwirizane zodikira kuti mwana abadwe, amayi akamuone makutu ndi zala. Pofika pamenepo mnyamata amakhala atapita ku Joni kapena ku Blantyre, nkhani n'kuzizira yokha. Ine ndinadumpha zonsezo m'mawa umodzi. Anthu sanaone munthu wokonda chilungamo. Anaona bambo wamkulu wolandira mimba imene mwana wake akuikana, mkazi wake akuikananso, ndipo anayamba kudzifunsa chifukwa chake.

Woyamba kufunsa mokweza anali mlamu wanga, mlongo wa mkazi wanga, atsibweni a mnyamatayo. Mwana wanga anathawira kwa iyeyo sabata yomweyo, nakalembera mayeso ali kumeneko. Mlamuyo atabwera kudzatenga mabuku a mphwake, anaima pabwalo nanena akuseka:

"Koma alamu, mimba ya eni mukuikakamira chonchi bwanji, ngati yanu?"

Amene analipo anaseka. Inenso ndinamwetulira, poyesa kuti ndi nthabwala za pachilamu. Sindinadziwe kuti mawu amenewo adzayenda mudzi wonse atavulidwa kuseka kwake.

Chimene chinakhomerera msomali ndi sikelo ya amayi oyembekezera. Masiku amenewo kuchipatala chathu chaching'ono ankafuna kuti mayi akamayamba sikelo abwere ndi mwamuna wake, apo ayi abweretse kalata yofotokoza chifukwa chimene mwamunayo sanabwere. Mtsikanayo anabwezedwa kamodzi. Ndinapempha mkazi wanga kuti amuperekeze, iye anati sangaperekeze munthu amene wamuwonongera mwana tsogolo. Ndinaganiza kuti kufunafuna kalata n'kutaya nthawi pamene ine mwini ndingathe kukafotokoza bwinobwino. Ndinavala malaya oyera ndi tayi, n'kumukweza pa njinga.

Titafika anandilozera benchi ya amuna. Ndinakhala pakati pa anyamata a msinkhu wa ana anga, imvi zili mbuu. Patapita nthawi namwino anatulutsa mutu pakhomo, natchula dzina la mtsikanayo, n'kufuula kuti, "Mwamuna wake alowe!" Ndinaimirira. M'katimo ndinafotokoza kuti ndine bambo wa mnyamata amene anapereka mimbayo, namwino anamvetsa, nandiyamikira. Koma amayi a m'mudzi mwathu amene anali pamzere panja sanamve za m'kati. Anamva kuitana, naona amene anaimirira.

Pofika Lamulungu nkhani inali itakhwima. Akuluakulu a mpingo anandiitanira m'kachipinda, nandiuza mwaulemu kuti ndiyambe ndapuma kuwerenga mawu kutsogolo kufikira zinthu zitaoneka bwino. Ndinali nditawerenga mawu mumpingo umenewo kuyambira ndili mnyamata. Ndinawafunsa kuti mboni yawo ndani. Anati palibe wondiimba mlandu, kungoti nkhosa zikudandaula.

Kunyumba mkazi wanga anasamutsira zofunda zake kuchipinda cha ana aakazi. Tsiku lina masana, tili awiri pansi pa mtengo wa nimu, anandifunsa osandiyang'ana:

"Bambo a ana, ndiuzeni zoona ndidziwe chimodzi. Mimbayi ndi ya ndani?"

Ndinamuyankha kuti munthu amene wakhala nane zaka makumi atatu akafunsa funso lotero sayenera kuyankhidwa. Ndinanyamuka n'kumusiya pomwepo. Pa zonse zimene ndinachita m'nkhaniyi, ichi chokha ndi chimene ndimachiyesa cholakwa. Anafunsa chifukwa chakuti kunali kopepuka kwa iye kukayikira mwamuna wake kusiyana ndi kukayikira mwana amene anamubereka, ndipo ndikanamuyankha mofatsa mwina akanandimva. Sanafunsenso, inenso sindinayambitsenso.

Mwana anabadwa m'nyengo ya mvula, wamkazi. Amayi a m'mudzi anabwera kudzamuona monga mwa mwambo, namuvundukula, namutembenuza. Anali ndi mphumi yanga yotambalala ndi zala za kumapazi zopindikira m'kati ngati zanga. Anatuluka akutsinana. Ndinayesa kufotokozera amuna anzanga pamsika kuti mdzukulu kufanana ndi agogo ake n'chinthu chimene ngakhale mwana wa Folomu 2 amaphunzira, pakuti magazi a mwana wanga ndi anga omwe. Wina anati, "Tamverani, akalaliki ayamba sayansi," ndipo onse anafa nacho chikhakhali.

Za mayi wa mwanayo ndinena mosakondera. Anakhala pakhomo pathu zaka ziwiri. Ankatunga madzi, ankalima nafe mapira, sanayankhepo mwano ngakhale mkazi wanga ankamulankhula kudzera mwa ana. Kumjigo ankamutcha "mayi aang'ono a kwa akalaliki". Mwana atasiya kuyamwa ndinamuuza kuti abwerere kusukulu, ine ndimuthandiza. Anakana, nati sangakhale m'kalasi momwe aliyense akudziwa dzina limene anamupatsa kumjigo. Posakhalitsa anapeza mwamuna wogulitsa nsomba zouma wa ku Bangula, amene ananeneratu kuti mkazi akumufuna koma mwana wa mwamuna wina ayi. Anasankha banja. Tsiku lochoka anamusambitsa mwanayo, namudzoza mafuta, namukhazika pamiyendo panga, n'kupita osacheuka. Anabwera kudzamuona kawiri, kenaka anasiya.

Sindimuyeretsa. Analowa m'gowelo muja ndi miyendo yake, ndipo mwana wa zaka ziwiri sasiyidwa ngati mtolo wa nkhuni. Koma poyeza anthu awiri pa mlandu umodzi, tiyenera kuona chimene aliyense anataya. Iye anasenza mimba, anamva zowawa za pobereka, anayamwitsa, anataya sukulu, anataya kwawo, anataya dzina. Mwana wanga sanaphonye ngakhale phunziro limodzi. Anakhoza mayeso, analowa ntchito yoyendetsa thirakitala kuminda ya nzimbe, nagula njinga yamoto. Inenso ndili ndi gawo langa. Ndinamuphunzitsa masamu ndi kalembedwe ka kalata, koma za mwamuna ndi mkazi sindinamuuzepo liwu limodzi. Ndinaziyesa nkhani zosayenera munthu wophunzira, ndipo anakaziphunzira kwa anzake.

Mdzukulu wanga anakulira m'manja mwathu. Mkazi wanga ankamudyetsa ndi kumusambitsa mosanyinyirika, koma sindinamumvepo akumutcha mdzukulu. Ankangoti "mwanayu". Mwana wanga ankabwera pa Khirisimasi, ndipo chaka china, pamaso pa alendo, anamupatsa bisiketi n'kunena kuti, "Landira, kamlongo kanga." Alendo anayang'anizana. Ndinazindikira tsiku limenelo kuti bodza lija sankangolilekerera, ankalithirira.

Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, mdzukulu wangayo anabwera kuchokera kusukulu maso ali ofiira, naima patsogolo panga.

"Agogo, kodi inu ndinu agogo anga kapena bambo anga?"

"Ndine agogo ako. Bambo ako ndi aja a njinga yamoto."

"Nanga bwanji aja amati ndine mlongo wawo?"

Ndinayankhapo mafunso a azungu a kuofesi popanda kudodoma, koma limeneli ndinalizemba. Ndinamuuza kuti akadye.

Mwana wanga anakwatira mkazi wa kwa Chapananga, ukwati wa kutchalitchi. Anali mtsikana waulemu, koma ine ankandipewa koposa mmene mwambo wa upongozi umafunira. Ndikalowa pabwalo iye ankazungulira kuseri, ndipo madzi ankatuma wina kudzandipatsa. Sindinafunse chifukwa chake. Zinatha zaka zisanu ndi chimodzi m'nyumba mwawo musanamveke kulira kwa khanda.

Kenaka kunabwera uthenga wakuti akuchikazi akufuna ankhoswe akumane. Nkhoswe ya mwana wanga anali mlamu wanga yemwe uja. Ine ndi mkazi wanga anatiitana monga makolo. Tinakwera galimoto ya matola mpaka pamene msewu umalola, kotsalako tinayenda wapansi pakati pa minda ya mapira okololedwa kale, fumbi likulowa m'mphuno. Tinafika dzuwa lili pamutu. Anatiyalira mphasa pansi pa mtengo wa bwemba, mbuzi zikupumira pambali. Mpongozi wanga anakhala kumbuyo kwa amayi ake aakulu, amene ndiwo anatenga mawu atsibweni ake atangotsegula nkhani.

"Ife sitinakuitanireni zambiri," anatero mayiwo. "Mwana wathu mankhwala a zitsamba wamwa mpaka lilime kuda. Kuchipatala wapita kawiri, amuuza kuti alibe vuto, abwere ndi mwamuna wake. Mwamunayo akauzidwa, ntchito yachuluka. Chaka chino ntchito, chaka chatha ntchito. Kodi nzimbezo amadula yekha?"

Ena anaseka. Mlamu wanga anati mphatso ya ana amapereka ndi Mulungu, tidikire.

"Tadikira, achimwene, mpaka anzake amene anavinidwa nawo limodzi ali ndi ana atatu. Tiuzeni poyera, tonse pano ndife akuluakulu. Ngati mnyamata wanuyu anagwa mumpapaya, nenani. Njira zilipo ziwiri. Mutibwezere mwana wathu akadali ndi msinkhu, kapena tipeze munthu wodziwa kusunga chinsinsi alowe m'nyumbamo, mwana akabadwa adzatchedwe wanu. Makolo ankatero."

Mwana wanga anadzambatuka, mitsempha ya m'khosi ili njo.

"Mukundinyoza ine? Ine ndine mwamuna! Mwana ndili naye!"

"Ali kuti?" anafunsa mayiwo. "Mwamubisa m'thumba?"

"Ali kwa bambo. Uja ali Sitandade 4. Ndi wanga ameneuja, ndinabereka ndine ndili pasukulu."

Ndinali nditadikira mawu amenewo zaka khumi, ndipo ndinkaganiza kuti adzabwera ndi misozi ya kulapa. Anabwera chifukwa chakuti umuna wake unakhudzidwa pagulu.

"Bwereza," ndinatero. "Atsibweni ako samva bwino masiku ano."

"Bambo, nkhani imeneyo si ya pano."

"Waiyambitsa ndiwe. Bwereza, utchule ndi mayi wake yemwe."

Anabwereza, natchula dzina la mtsikana wa ku Makhanga uja. Mlamu wanga anatola kamtengo nayamba kulembalemba pansi. Mkazi wanga anakoka chitenje nafunda kumutu, nayamba kulira.

Amene anayamba kulankhula, atayang'ana mwamuna wake, anali mpongozi wanga, amene mawu ake ndinali ndisanawamvepo bwinobwino.

"Inu munandiuza kuti mwana uja ndi wa apongozi, anaberekera kunja. Munandilumbirira tisanakwatirane. Zaka zonsezi ndakhala ndikuwaona bambowa ngati munthu wauve, ndikukana ngakhale kuwapatsa madzi m'manja." Anatembenukira kwa ine, nagwada. "Bambo, mundikhululukire."

Ndisanamuyankhe, mlamu wanga anali atapeza kale poponda. Anataya kamtengo kaja nawongola msana.

"Ndiye mwadzimvera nokha. Mbeu kwathu ilipo. Vuto mulifunefune kwanu konkuno."

Amuna a mbali yathu amene anatiperekeza anavomereza ndi mitu. Ndinaona nkhope ya mpongozi wanga ikugwa. Katundu amene ndinamusenza zaka khumi anachoka pamutu panga, ndipo ndikuona ndi maso anga anakatera pamutu pa mkazi wina wosalakwa. Ndinakweza dzanja n'kunena kuti kubereka kamodzi uli mnyamata sikutanthauza kuti thupi silingasinthe, ndipo mwana wanga ayenera kupita kuchipatala monga anapemphedwa. Palibe anandimvera. Mbali zonse ziwiri zinali zikulankhula nthawi imodzi, ndipo nkhani anaiimitsa kuti idzakambidwe tsiku lina.

Pobwerera, mwana wanga anatipeza pamsewu tikudikira galimoto. Anazimitsa njinga yake, naima chapatali pang'ono.

"Bambo, Loweruka ndibwera kudzamutenga mwana uja. Akakhale kwathu masiku angapo, anthu a kuno amuone."

"Amuone ngati mbuzi ya pamsika?"

"Si choncho, bambo. Ndi mwana wanga."

"Ali ndi zaka zingati?"

Anayamba kuwerenga ndi zala, nalakwitsa ndi chaka chathunthu.

"Loweruka ubwere," ndinamuuza. "Ukhale pansi, umuuze ndi pakamwa pako kuti ndiwe bambo wake, umuuzenso chifukwa chimene unkamutchulira mlongo. Ukatero upite ku Bangula ukapepese mayi wake. Za kumutenga tidzakamba iye mwini akadzafuna kukuona kachiwiri."

Analiza njinga yake nabwerera kwa apongozi ake.

Tinatsala awiri m'mphepete mwa msewu, popanda mthunzi. Mkazi wanga anakhala pamwala, maso atatupa. Kenaka anati:

"Ndiye kuti ndi mdzukulu wanga weniweni."

"Wakhala mdzukulu wako kuyambira tsiku limene anabadwa."

"Zaka khumi," anatero, nayambanso kulira.

Ndinali wolondola, ndipo tsopano panali mboni. Ndinafufuza chimwemwe mumtima mwanga koma sindinachipeze. Galimoto inachedwa kwambiri tsiku limenelo, ndipo itafika inali yodzaza ndi matumba a makala, moti tinakhala pamwamba pake moyang'ana mbali zosiyana mpaka kukafika kwathu.